Zinziri za M'bokosi la Sopo

"Mlongo, dzira silifungatiridwa ndi nyali. Mudzatentha nyumba, ndipo anthu adzakutchani mfiti."

Anatero a Bizeki kwa mlongo wawo Namaliya, mayi wamasiye wa ku Mtakataka. Namaliya sanamve. Akanamva bwanji? Chitopa chinali chitasesa khola lonse, ndipo a Bizeki anali atagamula kale kuti mvula ikagwa adzatenga Enifa, mwana yekhayo wa Namaliya, akaleredwe ndi achibale ku Golomoti, poti make analibe chomudyetsa.

Namaliya anali atatola mazira pokolola mapira, timazira ta zinziri tamawangamawanga. Thadzi loti n'kuwakhalira panalibe. Koma ku Mua, kumene ankagulitsa nkhuni, anaonapo bokosi la ansembe loswetsa anapiye ndi moto wa palafini. Basi anapempha bokosi la sopo kusitolo, nayalamo mankhusu a mpunga, naika nyali pambali.

Moto ndi denga la udzu, ana inu, n'zosayandikizana. Mazira oyambawo anapsa, udzu wa denga n'kuwauka.

"Mwaphika bwino," anatero a Bizeki. "Nanga mchere uli kuti?"

Namaliya anabwerera m'mapesi, momwe mumabisala mphiri, kukafuna ena. Bokosi analisamutsira m'kachisakasa komata ndi dothi, kutali ndi nyumba. Kutentha ankakuyesa pogunditsa dzira pachikope. Dzira lililonse analilemba khala mbali imodzi kuti asasokoneze potembenuza, monga thadzi lichitira ndi mlomo.

Tsiku lina m'bokosimo munamveka tsiyo tsiyo. Tinatuluka tianapiye tonga chala chamanthu. Koma chimwemwe chimaiwalitsa: anatiikira madzi m'phale, tambiri n'kumira. Analira, kenaka anadzaza phalelo ndi timiyala kuti totsalato tizimwa m'mipata.

Totsalato tinakula msanga, tinaikira, bokosi linadzazanso. Posakhalitsa Namaliya anayamba kumaima pasiteshoni ndi lichero la zinziri zootcha. Sitima ikaima, manja ankatulukira m'mawindo onse.

Mvula itagunda, a Bizeki anabwera kudzatenga mwana. Anapeza Enifa masaya ali phwii, akusenda mazira owiritsa.

"Mwanayu ndimumangire katundu, achimwene?" anafunsa Namaliya.

"Musiyeni," anayankha motsitsa. "Koma nkhuku yanga yathawa mazira. M'bokosi mwanumo malo alipo?"

"Alipo. Mubwere ndi palafini, mchere ndili nawo."

Ndi zimene zinamugwera Namaliya wosamva uja. Nyumba sinapse, dzina la mfiti silinamatirire, ndipo Enifa anakulira pakhomo pa make.

Inu amene khola lakukhalirani pululu lero, musagwe mphwayi. Bwererani m'mapesi, yambaninso. Koma poponda muziyang'ana, nyali musaisiye yokha, ndipo m'madzi a tianapiye muziikamo timiyala.