Sabata ya Mabokosi Asanu ndi Limodzi

AnyaManda amakhala kuseri kwa msika wa Chintheche, ndipo ntchito yawo ndi ufa wa kondowole. Amasenda chinangwa, kuchiviika m'madiramu atatu, kuchisinja n'kuchiyanika pa thandala. Chinsinsi chonse chili pa masiku. Nyengo yotentha chinangwa chimakhala m'madzi masiku anayi basi. Likapitirira limodzi chimasanduka phala lonunkha.

Kuti asasokoneze madiramu, amagula kope wamba pa benchi yanga ya zolembera. Tsamba lililonse amalidula mizere isanu ndi iwiri. Tsiku loviika amalemba nambala ya diramu, kenako amatsika ndi chala mizere inayi n'kuika mtanda. Mayina a masiku sawerenga, chifukwa magalasi awo anasweka kalekale.

Mu Okutobala ndinabwera ndi mabuku khumi ndi awiri ochokera ku Mzuzu, okonzedwa kale sabata ndi sabata, a maluwa m'mbali. Aphunzitsi ndi atsikana ogwira ntchito ku loji ya alendo ku Makuzi anagula asanu ndi anayi m'masiku awiri. Limodzi ndinawapatsa AnyaManda ngati mphatso, popeza mwana wawo Zondiwe amakwatiwa Loweruka la sabata yotsatira, ndipo ufa wonse wa paukwati unali pamutu pawo.

"Maluwa onsewa ndilemba pati, mwanangu?"

"M'mabokosimu, ama. Simuvutikanso ndi rula."

"Ndiye mwandikalambitsa mwaulemu," anatero akuseka.

Anaviika madiramu onse atatu Lachinayi, nawerenga mabokosi anayi. Chimene tonse sitinaone n'chakuti Loweruka ndi Lamlungu anaziphatikiza m'bokosi limodzi, kuti duwa lalikulu likwane pakona. Mtanda unagwera Lachiwiri m'malo mwa Lolemba.

Lachiwiri m'mawa anafika pa benchi manja akununkha, buku lili kukhwapa.

"Iwe Wanangwa, kwanu sabata ili ndi masiku angati?"

Ndinawerenga mabokosi. Asanu ndi limodzi. Ndinawerenganso.

"Anthu a m'maofesi sagwira ntchito masiku awiriwo, ama."

"Nanga chinangwa chimapita ku tchalitchi?"

Diramu imodzi, yomwe inali pamthunzi wa mango, inapulumuka. Ziwiri zinatayidwa. Tinawerengera limodzi: kuviika china tsiku lomwelo, chikanavuulidwa Loweruka, tsiku la ukwati, chisanaone dzuwa n'komwe. Ufa wotsala ukanakwana anthu makumi asanu, koma oitanidwa anali zana ndi makumi asanu.

Lachitatu ndinatseka benchi n'kukwera nawo minibasi kupita ku Limphasa, kumene mlamu wawo Mackson amalima mpunga. Tinabwerako ndi matumba awiri.

Paukwati, kondowole anapatsidwa akuluakulu okha a mbali zonse ziwiri. Ena tonse tinadya mpunga. Azakhali a mkwati anafunsa mokweza ngati kwa Manda chinangwa chinatha, AnyaManda n'kungowawonjezera nyama.

Zondiwe anapita ku banja lake Lamlungu, alendo onse atakhuta.