Chitseko Chopanda Nyumba cha a Chande

Inu ofuna mawu olimbikitsa, imvani za a Chande a ku Chikweo. Koma ndikuuzirenitu, nkhaniyi ilibe shuga.

Pa kachipatala ka kwawoko, odwala akatopa kuima ankasiya mwala, chipewa kapena nsapato pamzere, iwo n'kukagona pamthunzi. Akazi a a Chande, a Nafisa, anasiya patapata wawo. Chitseko chinatsekedwa mzere usanasunthe, ati mankhwala atha. A Nafisa anatsirizika pansi pa mtengo wa mango, patapata akuwasungirabe malo.

Maliro atatha, a Chande anakatenga patapatayo. Anapezanso zina zomwe eni ake sanazibwerere: mpango, ndodo, kadengu. Anatola zonse. Pabwalo pawo anaimika chitseko chopanda nyumba, n'kuchikhoma loko, n'kundanditsa zinthuzo, patapata kutsogolo.

Anthu anati mutu wawazungulira.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene kudandaula kunali mlandu. A Bizwick, tcheyamani wa chipani m'deralo, anabwera ndi anyamata awo.

"A Chande, ichi n'chiyani? Mukunyoza boma?"

"Iyayi bwana, ndi mzere chabe. Akudikira mwaulemu, monga munatiphunzitsira."

Anyamatawo anagwetsa chitseko, zinthu n'kumwaza kutchire, a Chande n'kukagona m'chitokosi. Atatuluka, nthiti zikuwawa, anakwawa m'udzu mpaka anamupeza patapata uja. Anaimikanso chitseko. Chinagwetsedwanso. Anaimikanso.

Mbiri inafika kunyanja ya Chiuta, inafika ku Balaka. Anthu anayamba kubwera, ena pansi ena panjinga, aliyense ndi kanthu ka m'bale wake amene anafera podikira. Msodzi wina anasiya nkhafi ya mkulu wake. Mzere unatuluka pabwalo mpaka kumsewu, ndipo omwe aja ankati wamisala anayamba kuti mmisiri. Nanga mankhwala kuchipatala? Musandiseketse, sanabwere.

Tsiku lina a Bizwick anatulukiranso, okhaokha, maso ali psuu. M'manja anali ndi kansapato ka mwana wawo.

"Ndikaike pati?" anafunsa motsitsa mawu.

A Chande sanawapatse mpando.

"Kumbuyo, bwana. Pano palibe wodumpha mzere."

Ine zimandiwawabe, chifukwa a Nafisa sanabwerere. Koma malo awo palibe anawalanda. Nanunso akakugwetserani chitseko, chiimikeninso, osataya mtima. Wokugwetseraniyo tsiku lina adzafunsa poima.