A Khalapansi, Mkulu wa Ozimitsa Moto

Lachinayi m'mawa, pa 9 Meyi 2024, parishi yathu inataya bambo amene tonse tinkawadziwa ndi dzina loti a Khalapansi. Anamwalira kunyumba kwa mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 71. Anagwira ntchito yozimitsa moto kuyambira 1976 mpaka 2013.

Anabadwa mu 1953, mwana woyamba wa mmisiri wa nsapato. Mayi awo ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, ndipo mapemphero anawaphunzira akuwanyamulira ndowa. Bambo awo atadwala maso, iwo anasiya sukulu n'kukhala pa benchi yosokera nsapato kuti azing'ono awo aphunzire. Atalowa ntchito anakwatira, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Pa Misa ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, poti moto ukanatha kuwaitana nthawi iliyonse.

Masiku amenewo ozimitsa moto anali ndi kachitidwe kawo. Akabwerera kuchokera kumene kwafa anthu ankaseka mokweza, n'kusiyira atsopano mapaipi kuti atsuke, iwo ulendo wokamwa. Wogwetsa msozi ankamunena kuti ntchito yamukulira. Atasankhidwa kukhala mkulu wa gulu mu 1993, a Khalapansi anasintha chinthu chimodzi. Aliyense amene wapita kumoto, iwo omwe, ankatsuka nawo mapaipi kuseri kwa garaja. Paipi yonyowa imalemera. Kuitsuka, kuiyanika ndi kuipinda kumafuna anthu awiriawiri, ndipo sikufulumira. Wina akayamba kusuzumira kugeti, iwo ankati, "Khala pansi, mphwanga. Waona chiyani lero?" Dzina linachokera pamenepo.

"Abwana, ife tinalembedwa ntchito yozimitsa moto, osati youlula machimo," wina anadandaula tsiku lina.

"Machimo akowo kapereke kwa abambo mfumu, ine angandithyole msana," anayankha. "Ndikufuna zimene maso ako aona basi."

Akazi awo anamwalira mu 2004. Anabwerera kuntchito osadandaula, ndipo anzawo ankangoti bambowa ndi achitsulo.

Mu Okutobala 2010 nyumba ina inayaka kumapeto kwa kamsewu kopanikiza. Dalaivala wa gulu, bambo wa ana atatu amene anzake ankamutcha Mphepo chifukwa cha liwiro, anapeza lole itatseka njira. Anabwerera chambuyo n'kuzungulira. Pofika, ana awiri anali atafera m'nyumbamo. Potsuka mapaipi Mphepo anangoti, "Sindinaone kanthu, abwana."

Kuyambira pamenepo belu likalira Mphepo ankathamangira kuchimbudzi kukasanza. Anzake anagwirizana zomubisa. Wina ankalumphira pachiwongolero, ena n'kumati, "M'mimba, abwana, wadya zosayenera." Ankaopa kuti akuluakulu akamva amuchotsa ntchito, ndipo ankaganiza kuti kumubisa ndiko kumukonda. A Khalapansi anaona kuti m'mimbamo mukutenga nthawi, koma anadikira kuti mwiniwake alankhule. Amene analankhula anali mkazi wa Mphepo. Anabwera pageti masana, mwana ali kumbuyo.

"Bambo, amuna anga sakugona. Dzulo andiuza kuti ndidzasamale ana iwo akadzachoka. Ndawafunsa kuti mukupita kuti, sanandiyankhe."

A Khalapansi sanadikirenso. Anamuitanira Mphepo m'kachipinda kosungira zipewa ndi majekete, n'kutseka chitseko.

"Ukuganiza zodzipha?"

Mphepo sanakane. "Ndikanalowera njira yakumtunda, ana aja bwenzi ali kusukulu."

"Mwina. Ine ndinali pambali pako, ndipo njira yakumtundayo sindinaitchule. Tamvera. Mu 1984 ndinatulutsa khanda m'nyumba yoyaka, linafera m'manja mwangamu. Akazi anga ndiwo ankandimvetsera. Atamwalira, khanda lija linabwereranso m'maganizo mwanga. Kuchipatala kuli mayi wina amene ntchito yake ndi kuthandiza anthu ovutika maganizo ngati ife. Ndimapitako mpaka lero."

"Inuyo, abwana? Ndi kolona yanu ija?"

"Kolona ndimapita nayo. Mwendo ukathyoka timapemphera tili panjira ya kuchipatala. Vala jekete, tikupita limodzi."

Anapitadi tsiku lomwelo. M'mawa mwake a Khalapansi anakaonekera kwa akuluakulu. Sananame kuti Mphepo ali bwino, komanso anakana kuti achotsedwe. Anapempha kuti aziyang'anira zida mpaka atachira. Mmodzi wa akuluakuluwo ananena kuti munthu wodwala mutu sangadaliridwe pamoto.

"Ndiye yambani ndi ine, bwana," anatero. "Ndimaonana ndi mlangizi yemweyo."

Mawu omwewo anawabwereza pamaso pa gulu lonse. Mphepo sanachotsedwe. Koma udindo wapamwamba umene a Khalapansi anali atalonjezedwa unapita kwa wina, ndipo chifukwa chake sanauzidwe. Ana awo akuti sanawamvepo akutchula nkhaniyi kunyumba.

Mphepo anabwerera pachiwongolero mu 2011. Anzake ena anayamba kupita kwa mlangizi uja, poyamba mobisa, kenako poyera. Koma Mphepo anakana chilichonse chofuna kuti iye asankhire anzake njira. Akamuuza kuti agwirizire utsogoleri mkulu akapita kutchuthi, ankati, "Ine ndiuzeni kolowera, ndiyendetsa."

Atapuma pantchito, a Khalapansi ankatsegula chipinda cha katekisimu Lamlungu Misa ikatha. Munkabwera anamwino, apolisi ndi oyendetsa ambulansi, ena osakhala a mpingo wathu. Sankalalikira. Ankamvetsera, ankapemphera ndi wofuna, ndipo amene waona kuti zamukulira ankamuperekeza kuchipatala. Mabanja ambiri m'parishi muno akuthokoza Mulungu chifukwa cha chipinda chimenecho.

Mu 2023 mapapo awo, amene anameza utsi zaka zonsezo, anayamba kufooka. Lachitatu pa 8 Meyi chaka chino analandira sakramenti la odwala. Madzulo ake Mphepo anabwera, imvi zili mbuu, n'kuwauza kuti mkulu wa gulu akupuma pantchito ndipo akuluakulu apempha iyeyo kuti alowe m'malo.

"Ndikuopa, abwana. Ndingadzasankhenso molakwa."

"Udzalakwadi nthawi zina," anatero a Khalapansi, akupuma movutika. "Koma iwe ukudziwa mmene munthu amaonekera akamati ndi m'mimba. Anyamatawo akufunika wotero. Sindikukukakamiza, mphwanga. Kafunse mkazi wako, poti iye ndiye anakupulumutsa."

M'mawa mwake mwana wawo akuwawerengera salimo, anatseka maso n'kupita mwakachetechete. Bokosi lawo linanyamulidwa ndi ozimitsa moto, Mphepo ali kutsogolo. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.

Akuluakulu akufuna yankho mwezi uno usanathe. Pamene tikulemba izi, Mphepo sanayankhe.