Khadi la Mai Asiyatu

Ntchito ya mulaibulale ndinaipeza kudzera mwa amalume, amene ankaphika pa sekondale ina ku Domasi. Munali mu 1985, nditangomaliza Fomu 4. Bwana wanga, a Matewere, anandipatsa chidindo cha deti, padi ya inki, guluu ndi bokosi la makadi. Munthu akabwereka buku, ndinkasolola khadi m'kathumba ka kuchikuto, kulembapo dzina lake, kudinda deti, n'kuliika m'bokosi.

"Ntchito yanu ndi kudinda," anatero a Matewere. "Za m'kati mwa mabuku zisiyeni."

Koma masana kunkakhala zii, ndiye ndinkawerenga. Panali buku lina lakale lachingerezi, lothothoka chikuto, lomwe ndinalimata ndekha. Nkhani yake inali wamba, ya banja losamuka kwawo, koma kalembedwe kake! Chiganizo ndinkachiwerenga kawiri, kachitatu motulutsa mawu.

Tsiku lina Mai Asiyatu, otayipa mu ofesi ya sukuluyo, anandifunsa buku labwino. Ndinawapatsa lomwelo.

"Tengani ili, mayi. Musalithamangire."

Patatha sabata kunabwera azibambo awiri a boma ndi chipepala cha mabuku oletsedwa. Wina anaima pakhomo, wina ankatchula mayina, ine n'kumatsitsa mabuku pashelefu. Atatchula buku lija, ndinati labwerekedwa.

"Wabwereka ndani?"

Ndinayang'ana a Matewere. Iwo anayang'ana pansi. Bokosi linali patebulo, pamaso pa tonse, ndipo kumudzi kwathu kunali anthu asanu odalira ntchito imeneyi. Ndinasolola khadi lija n'kupereka.

Mai Asiyatu anaitanidwa pomwepo. Anawafunsa kuti bukulo anawauza ndani. Mayiwo anandiyang'ana kamodzi, n'kuyankha kuti analisankha okha. Ine sindinawatsutse, ndinangogwira chidindo m'manja. Azibambo aja anawatengera ku Zomba, n'kuwabweza tsiku lachitatu. Mulaibulale sanalowenso.

Ndinakhala pantchitoyo zaka zina zinayi, ndikudinda osauza aliyense za buku lililonse. Ndisanachoke, ndinakumana ndi Mai Asiyatu pa siteji ya Naisi tikudikira basi. Ndinayamba kupepesa, iwo anandidula.

"Achimwene, buku lija anandilanda ndisanamalize. Banja lija linafika?"

Ndinawafotokozera mathero mpaka basi inabwera.

Masiku ano ndimauzabe anthu mabuku abwino. Koma ndimayamba ndadzifunsa ngati, zitavuta, ndingaimirire n'kunena kuti ndinawauza ndine.