Ntchentche ya Pamsana pa Amalume

Pakhoma la kalasi yathu panali chipepala chokutidwa ndi pulasitiki, chokolekedwa pa msomali wadzimbiri. Chinali ndi zithunzi za ntchentche zitatu, zokulitsidwa mpaka kuoneka ngati mbalame. Anachisiya ndi anthu a zaumoyo chaka chimene tinasamukira ku esiteti ya fodya kufupi ndi Lukwa. Anzanga sankachilabadira. Ine ndinkachiyang'ana mpaka kuiwala masamu.

Poyamba zonse zinkandionekera chimodzimodzi. Aphunzitsi ndiwo anandisiyanitsira, akuloza ndi choko. Ina inali yoluma ya m'khola, ya mapiko otasa. Ina yaikulu, ya maso obiriwira, yozunza ng'ombe kudambo. Yomaliza inali kashembe: mlomo woloza kutsogolo ngati singano, mapiko osanjikizana ngati sizasi yotseka. "Uyu yekhayu ndiye amapatsa kaodzera," ankatero.

Inali nyengo yothyola fodya. Manja ankada ndi utomoni wa masamba, nsima n'kumawawa m'kamwa, ndipo chigafa chathu choyanikamo fodya chinali chitapendama ndi mvula. Mitengo yomangira inali itatha m'dera lonselo. Yotsala inali kuseri kwa waya wa nkhalango yotetezedwa, kumene wogwidwa ankamangidwa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwamuna yekha pakhomo pathu. Ankalawira ndi nkhwangwa n'kubwera atasenza mitengo, osanena kumene achokera.

Masiku amenewo anali atayamba kale kudwala. Kuseri kwa khosi kunali chotupa chowawa, thupi linkatentha, mankhwala a malungo anamaliza onse koma osasintha. Ankasinza singano yosokera fodya ili m'manja.

Tsiku lina akutula mitengo, ndinaona ntchentche itakhala phee pamsana pa malaya awo abuluu. Ndinaiphimba ndi chikhatho, kuifinya pang'ono, n'kuiika m'bokosi la machesi. Ndinathamangira kwa amayi. Anasuzumira kamodzi kokha.

"Ya ng'ombe iyo. Kataye."

Sindinataye. M'mawa mwake aphunzitsi anaijambula ndi foni yawo, n'kumakulitsa chithunzicho ndi zala pafupi ndi chipepala chija. Phiko limodzi ndinali nditaliphwanya, choncho linali litatasa ngati la ya m'khola. Anakayika nthawi yaitali, akuyang'ana uku ndi uku, ine osakhazikika pabenchi. Kenako anakulitsa phiko lotsalalo. Pakati pa timitsempha take panaoneka kachinthu konga nkhwangwa, kamene ntchentche zinazo zilibe.

"Waitenga kuti?"

Ndinayankha kuti pamsana pa amalume, mokondwa ngati ndakhoza mayeso. Lero ndikamakumbukira chisangalalo chimenecho, thupi limachita tsembwe.

Madzulo ake anabwera kwathu. Amayi anawapatsa mpando n'kugwada chapatali.

"Mayi, achimwene anuwa apite kuchipatala. Akanene kuti analumidwa ndi kashembe, awayeze magazi."

"Akakafunsa kuti analumidwira kuti, tikayankha chiyani, aphunzitsi, poti kashembe amapezeka m'nkhalango mokha? Abwana a esiteti akamva zoti tikulowa m'nkhalango, atichotsa fodya ali m'chigafa."

"Kuchipatala safunsa za mitengo."

Aphunzitsi anabwerera kwawo, koma amalume kuchipatala sanapite.

Masiku otsatirawo pakhomo panalibe mtendere. Amayi ankayamba ntchito ino n'kuisiya, kuyamba ina. Njinga yamoto ikamveka kumsewu ankaima chilili, khasu m'manja. Ine sankandilankhula kupatula pondituma. Amalume ankati ali bwino, ndi kutopa chabe, kwinaku akuiwala zimene ayamba kunena. Ndinkagwira ntchentche iliyonse yotera pa ine n'kuyang'ana mapiko ake, ndipo iliyonse inkandionekera ngati kashembe.

Kenako amalume anagwa pakati pa mizere ya fodya, masamba ali m'khwapa, osadzukanso okha. Amayi sanafunse munthu. Anabwereka njinga kwa oyandikana nawo, kuwakhazika amalume pakaliyala atawamangirira ndi chitenje, n'kuikankha wapansi mpaka kuchipatala. Akuti atafika, asanakhale n'komwe, anauza namwino kuti, "Ndi kashembe. Amalowa m'nkhalango."

Magazi anatsimikiza. Amalume anagonekedwa nthawi yaitali ndipo anachira, ngakhale kuti mphamvu zosenzera mitengo sizinabwererenso. Palibe anabwera kudzamanga munthu. Fodya wambiri anapsera m'munda posowa womuthyola, ndipo chaka chotsatira tinabwerera kumudzi.

Nyengo yonseyo ndinkadzitama kwa anzanga kuti ndinaona chimene amayi analephera kuona. Ndinkaganiza kuti vuto linali maso awo, kapena kusapita kusukulu. Sindinkadziwa kuti iwo ndiwo ankawachotsa amalume ntchentche zimenezo pamsana tsiku lililonse, ndipo dzina lake ankalidziwa ine ndisanabadwe. Zoti munthu angathe kudziwa chinthu bwinobwino koma n'kuchitchula dzina lina chifukwa cha mantha, pa msinkhu umenewo sizikanandilowa m'mutu.