Khutu Latsopano la Gitala ya Chiphaliwali

Tsiku limene Chiphaliwali anabwerera ku bandi atatuluka m'chipatala, anzake anamuombera m'manja pakhomo. Nyimbo yoyamba isanathe, aliyense ankayang'ana pansi ngati wataya singano.

Dzina limeneli sanalitole panjira. Munthuyu ankakhwatcha gitala yamagetsi ngati ali nayo mlandu. Nsambo zinkaduka pakati pa nyimbo, iye n'kumaseka, anthu n'kumakuwa. Nyimbo za roko, zija zogwedeza mawindo, ndiye unali moyo wake. Ukamupempha kuti atsitseko pang'ono, ankakuuza kuti wofuna bata apite ku laibulale.

Kenako kunabwera sitiroko. Inamugwetsa m'bafa m'mawa wina. Mwendo unachira msanga, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja, lokhwatchira lija, linatsalira. Linkamumvera mochedwa ngati mwana amene watumidwa ali pamasewera.

Ndiye tsiku lija m'chipinda choyeserera, ng'oma zinayamba, bezi, gitala ya mawu aakulu ija, inalowa, koma gitala sinkamveka. Anakweza ampu, bokosi lija lokuza mawu, mpaka pamapeto. Chimene chinakula ndi kung'ung'udza kwa magetsi basi. Kapulasitiki kokhwatchira kanamupulumuka n'kugwera pansi pa ng'oma. Palibe anakatola poopa kumuchititsa manyazi, ndipo chisoni chawocho n'chimene chinamupweteka koposa.

Mkulu wa bandi, yemwe ankaimba ng'oma, anamuperekeza panja.

"Achimwene, kapumeni kaye. Tingopeza wina wogwirizira."

Chiphaliwali anagwedeza mutu. Ankadziwa bwino kuti wogwirizira akakhala pampando sachedwa kuuzolowera.

Kunyumba anapachika gitala kuseri kwa chitseko, ndipo posakhalitsa inayamba ntchito yoyanikapo thaulo. Iye ankangokhala pabalaza kuyang'ana khoma. Kunena zoona, anali munthu wovuta kukhala naye: tiyi watentha, tiyi wazizira, wailesi ikusokosa. Inde, iyeyo, kudandaula za phokoso.

Mkazi wake anali telala, makina ake ali pabalaza pomwepo. Paja amati wokwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo mayiyu sanamunyengerere. Tsiku lina anamuikira mbale ya mabatani pamiyendo.

"Abambo, ofiira uku, akuda uku. Ndi dzanja lamanja. Lamanzerelo likhale m'thumba."

"Ine woimba gitala ndizisankha mabatani?"

"Woimba gitala sindikumuona. Ndikuona munthu amene wanditsekera mpando wa makasitomala."

Anakwiya, koma anasankha. Mabatani ambiri anathera pansi pa kabati. Atawagonjetsa, anapatsidwa zopanira zovala, kenako kufinya zochapa, kenako kulowetsa ulusi pasingano, ntchito imene inamuliza misozi yeniyeni. Miyezi inapita choncho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku lina, popanda womuuza, anachotsa thaulo lija n'kutsitsa gitala.

Dzanja linali litabwerera, koma mphamvu zake zakale zinachoka osatsanzika. Tsopano linkakhudza nsambo mofatsa. Ankaimba kuchipinda osalumikiza ku ampu, chitseko chili chotseka.

Masana ena mkulu wa bandi anabweretsa thalauza loti lifupikitsidwe, ndipo anamva kachiphokoso kuseri kwa chitseko. Anaima n'kumvetsera, kenako anagogoda.

"Achimwene, tapeza holo yoti tiziimbamo sabata iliyonse. Koma eniake akufuna zonse: zofatsa anthu akamadya, zovina, ndiye roko pomaliza. Woimba gitala akufunika mmodzi. Bwerani mudzayese limodzi ndi wogwirizira uja. Amene akwanitse zonse zitatu, malo ndi ake, ndipo nkhani ithere pomwepo."

Anthu inu, apa ndi pamene mwayi umaoneka ngati chilango. Gitala yake inkafuna dzanja lamphamvu kuti imveke, ndipo dzanjalo analibe.

Ananyamula gitala ulendo kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, amene ankakonza mawailesi ndi maampu m'kashopu kopanikizika pansi pa masitepe a nyumba yosanja. M'menemo munali fungo la waya wowotcherera, ndipo pokhala panali pa sipika yakufa.

"Alamu, gitala yangayi yagontha."

"Mwaigonthetsa nokha, zaka zonse zija mukuikuwira m'khutu. Tabweretsani."

Mlamuyo analoza kachipangizo kokhala pansi pa nsambo. Oimba amakatchula pikapu, osati galimoto ija ayi. Ndi maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala ngati tsitsi, ndipo waya wokulungidwayo amamutcha koyilo. Nsambo ikanjenjemera, kachipangizoka kamamva n'kutumiza mawu ku ampu. Ndi khutu la gitala.

"Yanuyi ndi ya koyilo imodzi," anatero mlamu. "Mawu ake ndi owala, koma opyapyala. Mukakweza ampu kuti ikumveni, imatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba. Kale simunkalimva chifukwa phokoso lalikulu munali inuyo."

Anatsegula dirowa momwe munali mapikapu ochotsedwa m'magitala owonongeka, n'kutulutsa awiri. Onse anali a makoyilo awiri, mtundu umene sung'ung'udza chifukwa koyilo ina imazimitsa phokoso la inzake.

"Iyi ndi yaukali. Ngakhale ntchentche itatera pansambo, ampu ibangula. Inayi ndi yapakatikati. Imanena zimene dzanja lanena, osawonjezera."

Chiphaliwali sanadikire kuti amalize. "Yaukaliyo."

Mlamu anaiwotcherera. Chiphaliwali anangokhudza nsambo pang'ono, ndipo timabawuti tonse ta patebulo tinavina. Wogulitsa nsapato wa shopu yoyandikana anasuzumira kuti aone amene wagwa. Kwa nthawi yoyamba chidwalireni, munthu uja anaseka mpaka mano onse kuoneka. Anapita kunyumba akuyenda ngati wapambana kale.

Atafika analumikiza kaampu kake pabalaza n'kubangulitsa. Mkazi wake anaimitsa makina.

"Roko tamva. Tsopano imbani yofatsa, ya anthu akudya ija."

Anaimba. Mawu onse anatuluka atamatirirana ngati matope. Akakhudza pang'ono, inkakuwa. Akakhudza kwambiri, inkakuwa chimodzimodzi. Anatsitsa ampu, koma anangopeza matope omwewo, ochepa.

"Phokoso lilipo," anatero mayi uja, akudula ulusi ndi mano. "Koma ndikatsinzina, akhoza kukhala aliyense. Inuyo muli pati?"

Chiphaliwali anazimitsa ampu. Anakhala masiku angapo akukangana ndi pikapu ija, komanso ndi mtima wake, chifukwa ankadziwa chimene anaikondera: inkabisa dzanja lake. Pomaliza anabwerera pansi pa masitepe, n'kukhala pa sipika yakufa ija.

"Alamu, ndikaika yapakatikatiyo, anthu amva kuti dzanja langa ndi lofooka."

"Amva, inde," anatero mlamu, ndipo ulendo uno sanaseke. "Koma amvanso china chilichonse chimene dzanjalo likudziwa. Yaukaliyi imabisa zoipa ndi zabwino zomwe. Sankhani nokha, gitala ndi yanu."

Chiphaliwali anayang'ana dzanja lake kwa kanthawi. Ankachita mantha, ndipo sanabise.

"Ikani yonena zoonayo."

Ntchito inatenga masana onse. Mlamu anaika kabatani kokoka ndi kukankha: ukakakoka, koyilo imodzi imapuma ndipo mawu amawala, ukakakankha, makoyilo onse awiri amagwira ntchito ndipo mawu amanenepa. Anasintha nsambo n'kuika zopyapyala, zosafuna ndewu. Kenako anayamba kukweza pikapu ndi timabawuti take kuti iyandikire nsambo, imve ngakhale kukhudza kwapang'ono. Anaikweza mopitirira, maginito n'kuyamba kukoka nsambo, mawu n'kumadzandira ngati munthu wochokera kumowa. Anaibweza pang'ono. Anayesa, anabwezanso, mpaka Chiphaliwali anakweza dzanja.

"Pomwepo. Musakhudzenso."

Musaganize kuti zinthu zinakoma nthawi yomweyo. Khutu latsopanoli linalibe chisoni. Chala chikaterereka, linkaulula. Dzanja likatopa, linkaulula. Koma poti tsopano ankamva zolakwa zake, ankathanso kuzikonza. Ankayeserera m'mawa uliwonse makina osokera akulira pambali pake, mpaka makasitomala ena anayamba kuchedwa dala poyesa zovala.

Tsiku loyesana linafika. Anali masana, holo ilibe anthu, mipando itasanjikizidwa kukhoma, mayi wina akukolopa. Wogwirizira uja anayamba, ndipo tisamunamizire, anaimba bwino. Zala zake zinali zachangu, dzanja lamphamvu. Chiphaliwali ankamvetsera atakumbatira gitala yake.

Itafika nthawi yake, mkulu wa bandi anati ayambe ndi yofatsa. Chiphaliwali anakoka kabatani kaja n'kukhudza nsambo. Mawu anatuluka oyera, limodzilimodzi, lililonse likumveka pomwe layambira ndi pomwe lathera. Penapake dzanja linanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kunamveka, koma kunalowa m'nyimbo ngati mawu a munthu amene akulankhula zochokera pansi pa mtima. Mayi wokolopa uja anatsamira mopu yake n'kuiwala ntchito.

Pa nyimbo yovina, gitala inadumphadumpha mopepuka pamwamba pa bezi, ndipo woimba bezi anayamba kumwetulira yekha.

Kenako wang'oma anamenya timitengo take kuitana roko. Chiphaliwali anakankha kabatani, anakweza mawu, n'kusonkhanitsa mphamvu zonse zimene mabatani, zopanira ndi zochapa zinamubwezera. Sizinali mphamvu zakale, koma poti anayambira pansi penipeni, kubangulako kunamveka ngati denga latseguka. Mawindo ananjenjemera. Mkulu wa bandi, munthu amene sankaphonya, anaphonya ng'oma kamodzi chifukwa chotembenuka kumuyang'ana.

Nyimbo inatha. Woyamba kuomba m'manja anali wogwirizira uja.

Mkulu wa bandi anaika timitengo pansi, maso ali ofiira.

"Achimwene, zaka zonse zija taimba limodzi, nyimbo zofatsazi munkazibisa kuti?"

"Sindinkazibisa. Sindinkazidziwa. Dzanja lija linkangodziwa kukuwa."

"Ndiye musakalifunenso. Malo ndi anu."

Lero Chiphaliwali amaimba m'holo imeneyo sabata iliyonse. Dzanja lake silinabwerere mwakale, ndipo silidzabwerera. Koma anthu amene amamudziwa kuyambira kale amanena poyera kuti woimba weniweni ndi wa panopoyu. Oimba anzake akamufunsa kuti pikapu yabwino ya roko ndi iti, satchula mtundu. Amawauza kuti asankhe imene ikumva dzanja limene ali nalo lero, akanong'ona inong'one nawo, akakuwa ikuwe nawo.

Mwina nanunso, owerenga, pali chimene chinakuchokerani: mphamvu, ntchito, thanzi, dzina. Mwina mukufunafuna chinthu chaphokoso choti chibise pamene mwafooka, kuti anthu aziganiza kuti mudakali yemwe uja. Chikhoza kukubisani ndithu, koma chidzabisanso zabwino zimene mavuto akuphunzitsani. Tengani zimene zatsala m'manja mwanu, ngakhale zikunjenjemera, muziphunzitse ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo muzilole zimveke mmene zilili.

Osataya mtima. Nyimbo yanu yabwino koposa mwina ndi imene simunaiimbepo chifukwa munali ndi mphamvu zambiri.