Denga la Kombi ya a Kanyenda

A Reinford Kanyenda anaphunzira kuyendetsa galimoto ndevu zikungomera kumene, pa malole onyamula mtedza ndi fodya m'misika ya ku Ntchisi. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula, wokonda kupukuta m'manja ndi kansanza ngakhale pamene sanagwire oyilo. Atakhwima pa ntchito, mishoni ina ya kumapiri kuno inawalemba kuti aziyendetsa namwino wachizungu pa maulendo ake a sikelo ya ana m'midzi. Namwinoyo anthu ankangomutchula kuti Sisita.

Galimoto ya Sisita inali Kombi yobiriwira, ndipo inali ndi chinthu chimene anthu a ku Dowa anali asanachionepo: denga lake linkanyamuka. Ukamasula zokowera mkati n'kukankha ndi manja, denga linkakwera pa masipuling'i, m'mbali monse n'kutambasuka lona ngati tenti. Zikatero munthu ankaimirira mkatimo osawerama. Sisita ankapachika sikelo yake pamenepo, ndipo mitsinje ikadzaza ankagona momwemo, a Kanyenda n'kukapempha malo kwa akulu a mpingo. Azimayi a ku Chisepo akaona denga likukwera ankaseka, amvekere galimoto yavula chipewa.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1970. Mphunzitsi wina wa pa mishoni anatengedwa ndi anthu osavala yunifolomu, ndipo Sisita, posazolowera kutseka pakamwa, anafunsa pagulu kumene munthuyo anamupititsa. Pasanapite nthawi anauzidwa kuti achoke m'dziko muno. Kombi inali yakeyake, osati ya mishoni. Ponyamuka anaika makiyi m'manja mwa a Kanyenda, nati m'Chichewa chake chopotoka, "Iyi yanu tsopano, bambo."

Mphatso ija inawaika chizindikiro pamphumi. Aliyense ankaidziwa galimotoyo, ndipo ankadziwanso kuti mwini wake anachoka bwanji. Anthu amene kale ankaimika dzanja kupempha kukwera, tsopano ankayang'ana kumbali. A mishoni anawauza mwaulemu kuti poti namwino kulibe, dalaivala safunikanso, ndipo nyumba imene ankakhala ikufunidwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Loyce, anali pa banja ku esiteti ina ku Kasungu. Panalibenso kwina kolowera koma kwawo kwa akazi awo, a Kezia, m'mudzi wa kufupi ndi Chisepo.

Anapakira katundu mu Novembala, kumwamba kutayamba kale kuda. Pa chitunda chomaliza injini inagogoda moipa n'kuzima. A Kanyenda anatsegula kumbuyo, anasuzumira, anagwiragwira, kenako anangotseka. Chimene chinathyoka mkatimo sichinali chokonzera pansi pa mtengo. Ng'ombe za ngolo ndi zimene zinaikoka Kombi kulowa nayo m'mudzi, ana akuthamangira pambuyo.

Anawalandira ndi a Vinsenti, mlongo wawo wa a Kezia, amene analinso mlembi wa nthambi ya chipani m'mudzimo. Anawalozera malo kumapeto kwa mudzi, pansi pa mtengo wa msuku.

"Alamu, mundimvetse," anatero a Vinsenti, maso ali pansi. "M'nyumba mwangamu ana adzaza. Komanso mukudziwa mmene anthu akuonera galimoto imeneyi. Ikakhala pakhomo panga, mawa ndiyankha mafunso."

"Nanga ndikadzutsa kanyumba msangamsanga?"

"Mufolera chiyani? Tchire lonse linapsa kalekale. Udzu tidzamweta mvula ikatha."

Choncho Kombi inasanduka nyumba. A Kezia anayala mphasa pa bedi la Sisita, anapachika zovala pamene pankakhala sikelo, n'kumaphikira panja pa mafuwa. Anali mayi wanthabwala, ankauza anzawo kuti m'mudzi monse ndi iwo okha ogona m'nyumba ya mawindo agalasi. Koma anali ndi mphumu kuyambira utsikana wawo, ndipo chifuwa chawo sichinkagwirizana ndi chinyezi.

Mvula yoyamba inabwera masana ena, yamphepo. A Kanyenda anali kumunda, ndipo pothamangira kunyumba anapeza akazi awo atakhala pakati pa bedi, atafunda chitenje kumutu, madzi akutsika m'lona mbali zonse ngati m'sefa. Mphika, beseni, mbale, zonse anali atazitchera, koma madontho ankagwa pamene panalibe chotchera.

"Tsitsani dengali, abambo a Loyce," anatero a Kezia.

Analitsitsa. Kudontha kunachepa, koma mkati munasanduka ngati mu uvuni wa njerwa. Mawindo otsegula ankalowetsa mvula, otseka ankatsekera mpweya. Posakhalitsa a Kezia anayamba kubanika, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Anakodola ndi dzanja kuti denga likwerenso. A Kanyenda analikweza, madzi n'kuyambiranso. Anaima pakati pa galimoto manja ali m'mwamba, osadziwa kuti akankhe kapena akoke.

Kutacha anakwera pa mtengo wa msuku kuti alione bwino denga lija. Mphira wa m'mphepete, amene ankatseka mpata denga likatsika, anali atang'aluka ndi dzuwa, ukamukhudza n'kumayoyoka ngati chikhokho cha mkate. Lona anali atafumbwa m'misoko monse, ndipo m'makona momwe ankapindika munali mabowo olowa chala. Injini ankaidziwa, koma za nsalu sankadziwa kanthu. Anatsika, n'kuuyamba wa ku Chisepo.

Pakhonde la sitolo ina pa Chisepo pankakhala telala wina, Che Zuberi, wosoka mayunifolomu a sukulu ndi kuika zigamba pa malona a malole. Ankadziwana ndi a Kanyenda kuyambira masiku a fodya. Anamvetsera nkhani yonse mapazi ali pa chopondera cha makina.

"Anthu akuti ndisamayandikire galimoto imeneyo," anatero Che Zuberi. Anadula ulusi ndi mano. "Koma mvula sifunsa kuti galimoto inali ya ndani. Ndibwera Loweruka, adalaivala."

Anabweradi pa njinga, atamanga pakaliyala zidutswa za lona wakale wa lole, singano zosokera masaka ndi ulusi wokhuthala. Lona wa Kombi sakanatheka kumuchotsa osathyola misomali yake yadzimbiri, ndiye anasoka ndi manja ali chiimire, wina mkati wina kunja, akupatsirana singano. Ntchito inayenda mpaka dzuwa linapendeka. Koma atakweza denga kuti nsalu ikungike, panamveka kuti pwee, lona n'kung'ambika motsatira msoko watsopano uja.

Che Zuberi anayendetsa chala pong'ambikapo. "Nsalu iyi inatha kale. Ulusi wanga ukuposa nsalu mphamvu. Ndikasoka apa, ing'ambika apo."

"Ndiye titani, Che Zuberi?"

"Tiziika zigamba zikuluzikulu, zogwira patali. Kupitirira apo, Mulungu ndiye akudziwa."

Anaika zigamba. M'malo mwa mphira wakale, a Kanyenda analenga chubu cha lole n'kumata m'mphepete ndi sulushoni womatira njinga. Pofuna kuti madzi azitsetsereka pa nsalu, Che Zuberi anawalangiza kusungunula makandulo, kusakaniza ndi palafini, n'kupaka lona yense. Anapaka, ndipo atathira madzi a m'chikho, madziwo anagubuduka ngati pa tsamba la koko. Tsiku limenelo a Kanyenda anaseka, koyamba chichokere ku mishoni.

Chimene sanaganize ndi fungo. A Kezia atangolowa mkati, palafini uja anawagwira pakhosi, ndipo anatuluka chokwawa. Kwa masiku angapo ankagona kukhitchini kwa a Vinsenti, pakati pa nkhuku ndi utsi, kudikira kuti fungo lithe. Pamene linkatha, mvula ya mu Januwale inali itafika, yosakata, ya tsiku lonse. Sulushoni anamatuka, chubu n'kumalendewera ngati njoka yakufa. Mphepo ikawomba kuchokera ku mapiri, zigamba zolemera zija zinkakoka nsalu yofumbwa, mabowo atsopano n'kutseguka pambali pake. A Kanyenda ankasoka m'mawa uliwonse asanapite kumunda. Zala zawo zinatupa ndi singano. Anayesa phula la mumsewu, linasweka. Anayesa kuyala mapepala a pulasitiki a matumba a feteleza pamwamba, mphepo inawanyamula n'kukawakoleka m'chimanga cha eni.

Tsiku lina a Kezia anawayang'ana akulimbana ndi kona ina, nati, "Abambo a Loyce, khalani pansi mudye. Mwayamba kuyankhula ndi denga ngati munthu."

"Ndikanakhala ndi lona watsopano, amake Loyce, tsiku limodzi lokha likanakwana."

"Lona watsopano ali kwawo kwa Sisita. Bwerani mudye."

Dzinja linatha onse ali moyo, koma a Kezia anali ataonda, ndipo kuyenda kukafika pa chitsime ankapumira panjira. A Kanyenda anaganiza kuti mavuto apita ndi mvula. Anayamba kudinda makoma a nyumba pafupi ndi msuku uja, ndipo udzu utauma anayamba kumweta.

Kenako kunabwera chisanu cha mu Juni, chija chimatsika m'mapiri a Ntchisi ndi nkhungu yake. Chitsulo cha galimoto chinkazizira ngati mwala wa mumtsinje. Chodabwitsa n'chakuti kunja kunalibe mvula, koma m'mawa mkati munkadontha. Mpweya wa anthu awiri unkakwera n'kukasanduka madzi kudenga kozizirako, ndipo pofika m'bandakucha bulangete linkakhala lonyowa. A Kanyenda anayang'ana madontho aja, n'kusowa bowo loti asoke.

Anabwereranso kwa Che Zuberi, ndipo anagwirizana zoliveka denga chofunda. Anang'amba matiresi akale a thonje, anayala thonjelo kunsi kwa denga, n'kuliphimba ndi ziguduli za fodya zosokerera bwinobwino. M'mbali mwa lona anapachikamonso ziguduli. Masiku oyamba munafundadi, ndipo a Kezia anagona tulo. Koma denga linalemera kuposa mphamvu za masipuling'i okalamba aja. M'mawa wina linatsika lokha n'kuwagunda a Kanyenda paphewa, moti anachita kuliimika ndi nsungwi. Thonje nalo linkamwa chinyezi osachibweza. Linayamba kuda, linachita chuku, ndipo makoswe anapezamo pogona. Fumbi la ziguduli, lonunkha fodya, linkagwa pang'onopang'ono pa nkhope ya munthu wodwala chifuwa.

A Kanyenda anazindikira mochedwa. Anakanganula zonse n'kukazitentha kuseri, kenako anakhala pa chitsa manja ali m'masaya. Chilichonse chimene anaika pa denga lija kuti chiteteze akazi awo chinkatembenuka n'kuwapweteka. Makoma a nyumba anali atafika m'mapewa. Anawayang'ana, nayamba kudinda ngati wamisala, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Makoma anatha, mitengo ya denga inakwera, mitolo ya udzu inali itaunjikidwa pambali. Kunatsala kufolera basi. M'mawa wa tsiku limene anapangana ndi achibale kuti adzathandize, a Kezia analephera kudzuka. Milomo inali itachita bii, mawu osatuluka. A Vinsenti anamanga ng'ombe, ndipo anawanyamula pa ngolo kukafika kumsewu waukulu, a Kanyenda akuyenda pambali atagwira dzanja la akazi awo. Munthu amene ankathamangira ndi amayi ndi ana ambirimbiri kuchipatala anayenda liwiro la ng'ombe, galimoto yake ili pansi pa mtengo. Kumsewu anadikira nthawi yaitali lole isanaime.

Ku chipatala cha Mtengowanthenga anawalandira bwino ndipo anayesetsa. Madokotala anati mphumu yakumana ndi chibayo, ndipo thupi lafooka kale. Loyce anafika kuchokera ku Kasungu amayi ake akadali moyo. A Kezia anatsegula maso, anamuzindikira, anafunsa ngati nyumba yafoleredwa. A Kanyenda anati yatsala pang'ono. A Kezia anamwalira tsiku lotsatira, masana.

Maliro atatha, ndi miyambo yonse itachitika, akuluakulu a banja la a Kezia anawaitana a Kanyenda. Anawathokoza kuti anasunga bwino mwana wawo, ndipo anawamasula kuti akhoza kubwerera kwawo, monga zimakhalira mkamwini mkazi wake akamwalira. Palibe amene anawathamangitsa. A Vinsenti anati akafuna kukhala, akhale. Koma a Kanyenda anaona kuti chowakhalitsa pamudzipo palibe. Nyumba ija anaifolera ndithu, okha, osalola wowathandiza, n'kuisiyira mdzukulu wina wa a Vinsenti amene anali atangokwatiwa. Iwo sanagonemo. Kombi inatsala pomwepo, pansi pa msuku paja.

Podutsa pa Chisepo ndi kachikwama kawo, anaima pakhonde la Che Zuberi kuti atsazike. Telala uja anaimitsa makina, anawagwira dzanja nthawi yaitali.

"Tinayesa, adalaivala."

"Tinayesadi," anayankha a Kanyenda.

Anakakhala kwa mlongo wawo, a Debora, kumapiri a Ntchisi, kumene ankalima mbatata ya kachewere m'dimba ndi kukonza njinga za anthu. Sanakwatirenso. Patapita zaka, mwini chigayo wina anagula galimoto yaing'ono n'kubwera kudzawapempha kuti aziyendetsa, poti nkhani ya Sisita inali itaiwalika. A Kanyenda anavala malaya awo abwino, anakhala pa chiwongolero, koma atayang'ana kutsogolo anapeza kuti msewu ukuoneka mbuu. Ng'ala inali itayamba m'maso onse awiri. Anatsika, anathokoza mwini galimotoyo, n'kubwerera kudimba. Anamwalira chaka cha chilala chachikulu, ndipo anaikidwa kwawo, pafupi ndi amayi awo.